Kamphaka Kovala Chikho

Chaka chimene tinataya mwana wathu woyamba, amuna anga anabwera kunyumba ndi kamphaka m'katoni ya sopo. Inali nyengo ya chiperoni, phiri lisakuoneka n'komwe, ndipo iwo anali atavula jekete lawo n'kufunditsa katoniyo, eni ake akunyowa. Ine nditawaona ndinapsa mtima. Ndinati munthu wamkulu ndi ndevu zake angalolere chifuwa chifukwa cha katoni?

Tinkakhala kwathu, mudzi wina kuseri kwa Chitakale, poti kuno mwamuna ndiye amatsata mkazi. Nyumba yathu inkayang'anana ndi ya amayi, pakati pali mtengo wa mapeyala. Amuna anga ankasamala maluwa kunyumba ya bwana wina wa ku esiteti ya tiyi. Anali munthu wosayankhulayankhula, woti ukamukalipira amangoyang'ana zala zake za kumapazi mpaka iwe wokalipawe uchite manyazi. Ine ndine wa pakamwa, sindibisa, ndinatengera amayi.

Mwana amene tinatayayo anali wamwamuna. Anangokhala nafe milungu yochepa. Anayamba kutsokomola, kenako anatupa timiyendo ndi masaya, ndipo pamene tinkafika naye kuchipatala ku boma n'kuti mpweya ukumuvuta kale. Anamwino anati ndi chibayo. Amayi anati ndi tsempho. Kwathu kuno mwana akabadwa, bambo ndi mayi ake amagona kosiyana mpaka akuluakulu atawalola kubwerera pamphasa imodzi. Bambo akazemba nthawi imeneyo n'kukagona ndi mkazi wina, amati wamusempha mwana, ndipo mwanayo amatupa n'kufa. Amayi ataona kutupa kuja sanafunsenso munthu.

Khanda lotere amakaika ndi azimayi okhaokha, amuna sapitako. Ndiye amuna anga sanadziwe pamene mwana wawo anagona. Tsiku lina anandipempha chapansipansi kuti ndiwafunsire kwa amayi ngati angaonetsedwe malowo, angoona basi. Amayi anandiyankha mokweza kuti amve ali m'nyumba momwemo: "Akufuna akaone chiyani, ntchito ya manja awo?" Kuchokera pamenepo sanafunsenso.

Amayi anali atatumiza kale mawu kwa amalume ku Milonde, amene anali nkhoswe ya ukwati wathu, kuti abwere adzauthetse. Amalume anayankha kuti abwera akamaliza kukolola nandolo. Tonse tinkadziwa zimene zikanachitika: amuna anga akanapatsidwa bulangete lawo n'kuonetsedwa njira ya kwawo. Mukandifunsa kuti ine ndinali mbali iti, mtima wanga unali pawiri. Munthuyo ndinkamukonda. Koma masiku ena ankabweradi mochedwa, akuti kwa bwana kunali alendo, ndipo ine mawere anali akutulukabe mkaka wopanda woyamwa. Ndinkakwiyira aliyense, ngakhale nkhuku.

Ndiye kamphaka kanabwera m'nyumba yotero. Kanali kotuwa ngati phulusa, kosakula kwenikweni, miyendo italiitali, makutu aakulu. Kanagona m'katonimo ngati koledzera, maso otsegula theka. Pansi pa mchira anali atakameta, pali timabala tiwiri ting'onoting'ono topakidwa mankhwala.

"Kavulala ndi chiyani?" ndinafunsa.

"Akafula," anatero amuna anga. "Kunabwera dokotala wa ziweto kudzabaya agalu a bwana. Adona anati afulenso tiana ta mphaka wawo. Aka agalu akukavutitsa, ndiye andipatsa."

Ine ndinali nditaona akufula mbuzi, nkhumba, ng'ombe za ngolo. Koma mphaka? Ndinafunsa kuti mphaka wofula amanenepa kuti adye ndani. Iwo anati ayi, akuti amatero kuti asamayendeyende, azikhala pakhomo.

Amayi anali atafika pakhonde kudzaona chimene chinali m'katoni. Mkamwini ndi apongozi ake sayang'anana kumaso, sakhala pamphasa imodzi, ndipo mawu awo onse ankadutsa mwa ine ngakhale onse awiri ali pompo. Amayi anasuzumira m'katonimo, kenako anandiyang'ana ine.

"Kani azungu ali nawo mankhwala a oyendayenda," anatero. "Akanayambira kwa antchito awo."

Amuna anga anangoyang'ana pansi. Anatulutsa m'thumba kabotolo ka jivi, mankhwala a pepo aja opaka pa zilonda, n'kundiuza zimene adona anawauza: kupaka m'mawa ndi madzulo, osakasambitsa, osakalola kutuluka panja mpaka papole. Anatambasula dzanja kuti andipatse kabotoloko.

"Usalandire," anatero amayi. "Uwauze azipaka okha."

Ndinawayang'ana osamvetsa.

"Iwe ndi amuna akowa mukugonabe kosiyana, si choncho? Ndiye ngati alibe wina kunjako, thupi lawo ndi lozizira, ndipo chilonda chimene angachigwire chipola. Koma munthu wotentha akagwira chilonda chimatupa, zimenezo adziwa aliyense. Apake okha. Iwe usagwirepo, ine sindigwirapo. Tione."

Ndinafuna kuyankha, koma amuna anga anabweza kabotolo m'thumba. "Uwauze amayi kuti ndamva," anatero.

Umu ndi mmene kamphaka kosadziwa kanthu kanasenzera mlandu wa ukwati wanga pansi pa mchira wake.

Tinakaika pakona, kufupi ndi pamene amuna anga ankayala mkeka wawo. Anakayalira thumba lakale la feteleza, n'kuika mchenga m'mbale yobooka kuti kazidzithandizirapo. Madzulo oyambawo kanakana chilichonse. Kanayesa kuimirira, miyendo yakumbuyo n'kupita kwina, n'kugwa chammbali. Amuna anga anakanyamula, n'kumakanyowetsa pakamwa ndi chala choviika m'madzi, pang'onopang'ono, mpaka kanayamba kumeza.

M'mawa uliwonse asanapite kuntchito ankasamba m'manja ndi sopo mpaka m'zigongono. Kenako ankakhala pa mpando wa ndalema pakhomo pamene pali kuwala, n'kukagoneka chagada pamiyendo pawo. Manja awo anali aakulu, ong'ambika ndi minga ya maluwa a adona, koma ankagwira nthenga ya nkhuku ngati munthu wolemba. Ankaviika nsonga yake mu jivi, n'kudontheza pa timabala tija, uku akukayankhula. "Pepa, bambo. Pepa. Zatha, zatha." Ine ndinkaima kumbuyo ndi tsache m'manja, ndipo mawu amenewo ankandilasa, chifukwa ndi omwewo ankamuuza mwana wathu akamalira.

Kupaka kunali kwawo, koma kudyetsa kunali kwanga. Ndinapita kumsika wa Chitakale, khadi la chipani nditalimanga pa mfundo ya chitenje kuopa anyamata ofunsa makhadi pachipata aja, n'kukagula matemba. Ndinkawaviika m'madzi kuti mchere uchoke, kuchotsa mitu ndi minga, n'kuwasinja ndi kaphala. Amuna anga ankabwera ndi timkaka totsala kukhitchini ya adona. Kamphaka kanayamba kudya, ndipo kakakhuta kankabwera kudzadzikhula pa akakolo anga. Poyamba ndinkakakankha ndi phazi. Sindinkafuna kanthu kena kakang'ono kondidalira. Koma ndani angakwiyire chinthu chimene chikulira m'mimba ngati galimoto ili kutali? Posakhalitsa ndinapezeka ndikusankha nyemba kali pamiyendo panga.

Amayi ankabwera masana aliwonse amuna anga atapita. Sankagwira. Ankandiuza kuti ndikweze mchira ndi kamtengo, iwo n'kuwerama kuyang'ana, n'kubwerera kwawo. Ine ndinkapemphera, ndithu ndinkapemphera, mayi wa mvano ine, kupempherera kumbuyo kwa mphaka.

Masiku oyamba panali bwino. Kenako panayamba kufiira. M'mawa mwake panatupa, pakunyezimira, kachilonda kamodzi katatseguka n'kumatuluka timadzi. Amuna anga anakagoneka pamiyendo monga mwa masiku onse. Anapaka bwinobwino, n'kukaika pansi. Anakhala kanthawi akuyang'ana zikhato zawo, kutembenuza uku ndi uku. Kenako analowa m'nyumba, anapinda bulangete lawo, anaikamo malaya awo a ku tchalitchi ndi lumo lawo, n'kumanga ndi chingwe. Mtolowo anauika kuseri kwa chitseko.

"Mukutani?" ndinafunsa.

"Ndisavutitse amalume kuyenda ulendo wonsewo," anatero. "Ndikaweruka ndidzatenga."

"Ndiye kuti n'zoona?"

Anandiyang'ana, ndipo aka kanali koyamba kundiyang'ana m'maso chimwalirire mwana. "Sindinapite kwa munthu aliyense, mayi. Koma taona wekha. Kapena manja angawa ali ndi china chimene ine sindikuchidziwa."

Anapita kuntchito osadya kanthu.

Amayi anabwera, anaona, ndipo sananyadire ayi, ndisawanamizire. Anangopuma mozama n'kunena kuti, "Waona, mwana wanga," n'kupita kukakhala pansi pa mtengo wa mapeyala.

Ine ndinakhala pakhomo ngati wosweka msana. Chiperoni chinali chitakanganuka, kadzuwa katatuluka, ndipo kamphaka kanabwera kudzagona pamene kuwala kunagwera. Sindinagwire ntchito iliyonse tsiku limenelo, ndiye kwa nthawi yoyamba ndinakayang'anitsitsa osachokapo. Kanadzitambasula, kanayasamula, ndipo ndinaona m'kamwa mwake. Lilime lonse linali la pepo, ngati la mwana wakuba mabulosi. Ndisanaganize n'komwe, kanakweza mwendo wakumbuyo m'mwamba, kanapinda khosi, n'kuyamba kunyambita pachilonda penipeni. Sikanali kunyambita kwa masewera. Kankachita kukoka ndi mano, kupuma, kuyambiranso. Ndinakaletsa, kanathawira kuseri kwa mtsuko n'kukapitiriza komweko. Kani masiku onsewa kakalowa kuseri kwa mtsuko ine ndinkati kakugona.

Ndinakanyamula n'kuthamanga nako kwa amayi. Ndinakatsegula pakamwa pamaso pawo.

"Taonani, amayi. Mankhwala onse amene akupaka bambo aja akuthera umu. Kakudzikanda kokha."

"Nanga si chinyama," anatero amayi. "Galu amanyambita chilonda chake n'kupola."

"Galu ndi galu. Tabweretsani dzanja."

Ndinawapaka kamsuzi ka matemba kuseri kwa dzanja, pamene khungu lili lofewa, n'kukasendeza. Kananyambita kamodzi, kawiri, ndipo amayi anabweza dzanja. Lilime la mphaka ndi lokhakhala ngati chikwakwa chosanola, amene munanyambitidwapo mukudziwa. Pamenepo pakamwa panga panatseguka. Ndinawauza kuti inuyo wina atamakupalani pachilonda ndi chimenechi tsiku lonse, mungapole? Ndinati munthu akuchoka madzulo ano chifukwa cha lilime la mphaka, ndipo akachoka ine ndimutsatira, mutsale nawo mtengo wanu wa mapeyalawu. Ndinanena zambiri, zina zosayenera kuuza mayi wokubala.

Amayi anakhala akusisita kuseri kwa dzanja lawo. Amayi anga anali ouma mtima, koma sanali okhota. Mlandu ankaufuna woongoka ngakhale ukhale wowagwera iwo.

"Ndiye kuti sitinaone kanthu," anatero. "Tikatseke pakamwa, tiyambirenso."

Kutseka pakamwa pa mphaka n'kosatheka, adya bwanji. Ndinayesa kukamanga kansanza kumbuyo ngati thewera, kanavula ndisanamalize n'komwe mfundo. Amayi ankangondiyang'ana ndikulimbana nako. Kenako analowa m'nyumba mwawo n'kutuluka ndi chikho chawo chomwera thobwa, chija chopepuka chimene sankalola munthu wina kumwera. Anakayeza khosi ndi zala, n'kulemba ndi khala pansi pa chikhocho. Anadula chogwirira, anaboola pansipo ndi mpeni, n'kumapala m'mphepete ndi mwala mpaka posalala. Anati mutu ukalowa m'menemo, kaziona ndi kudya, koma kakapinda khosi kazikumana ndi chikho.

Titayesa, m'mphepete muja munkakakhula pakhosi. Amayi anati pakufunika kansalu kofewa kokulungira. Zitenje zathu zinali zolimba, matumba okanda. Tonse awiri tinkadziwa kumene kunali nsalu yofewa m'nyumba mwanga, koma palibe anatchula. Ndinalowa ndekha, ndinatsegula sutikesi, n'kutulutsa thewera limodzi la mwana wanga. Linali likununkhirabe sopo. Ndinaling'amba ndi mano, n'kuwapatsa amayi kachidutswa. Anakalandira ndi manja awiri, ndipo anasoka osayang'ana kumbali.

Amuna anga atafika madzulo kudzatenga mtolo wawo, anapeza kamphaka pakati pa nyumba kakuyenda chobwerera m'mbuyo, mutu uli m'chikho, kakuganiza kuti kakabwerera chikhocho chitsala. Kanagunda mtsuko, kanakhala pansi, n'kutiyang'ana tonse mokwiya ngati gogo amene amuveka chipewa cha mwana. Amuna anga anaseka. Anayesa kudzigwira koma zinakanika, anaseka mpaka anagwira chitseko. Ndinali nditaiwala kuti munthuyu ali ndi mpata pakati pa mano.

Amayi anayankhula ali panja. "Uwauze amuna akowo kuti mtolowo udikire. Azipakabe."

Anapitiriza kupaka. Tsopano ntchito inachuluka, chifukwa kamphaka kovala chikho sikatha kudzisamala. Mbale ya chakudya ndinkaiika pa njerwa kuti pakamwa pafike. Kakadya, phala linkamatirira m'chikhomo, ine n'kumapukuta ndi kansanza konyowa. Sikankatha kudzikanda kuseri kwa makutu, ndiye kankapita kwa amuna anga n'kuwagunda ndi chikho pa msongolo mpaka alowetse chala n'kukakanda. Akaweruka ankakavula chikhocho kanthawi kuti khosi lipume, atakagwira pachifuwa, ine nditakhala pafupi kuti kakangopinda khosi ndikatchinge. Ndi mmene tinayambiranso kukhala moyandikana, mapewa akugundana, tonse maso ali pa kanyama kamodzi. Sitinkakamba za mwana. Tinkakamba zoti kadya bwanji, kadzithandiza kapena ayi.

Kutupa kunayamba kuphwa. Kufiira kunachoka, timadzi tinauma, pakabwera kankhanambo. Amayi ankabwerabe masana, koma tsopano ankabwera ndi kenakake m'manja, mwina kachiwindi ka nkhuku, akuti kangotsala. Tsiku lina ndinawapeza atakaika pamiyendo akukachotsa utitiri, akukanena kuti ndi kachitsiru ngati eni ake. Nkhanambo itagwa panatsala khungu loyera, ubweya utayamba kumera. Amayi anayang'ana nthawi yaitali, ndipo ulendo uno mchira anakweza ndi dzanja lawo.

Amalume anafika Loweruka lina pa njinga, atamanga kathumba ka nandolo kumbuyo. Anakhala pansi pa mtengo wa mapeyala, anamwa madzi, n'kunena kuti aitane akamwini nkhani iyambe. Amayi anati palibe nkhani. Amalume anadabwa, anati nanga mwandiyendetseranji mtunda wonsewu, mlongo wanga? Amayi anati mwabwera kudzationa, kodi n'kulakwa? Amalume anayang'ana ine, anayang'ana mphaka amene ankadutsa ndi mzere pakhosi pamene panali chikho, ndipo poti ankawadziwa alongo awo sanafunsenso. Anadya, anacheza, n'kubwerera dzuwa likadalipo.

Atapita, amayi anatsala pansi pa mtengo paja, chikho chobooka chili m'manja mwawo. Ine ndinkachotsa mbale. Amuna anga anali pakhonde pathu akunola khasu. Ndinamva amayi akuyankhula motsitsa, osati kwa ine, osatinso kwa munthu wina.

"Nanga mdzukulu wanga anapita bwanji?"

Ndinaima ndi mbale m'manja. Pamenepo ndi pamene ndinaona kuti amayi akalamba. Miyezi yonseyi anali ndi munthu womukwiyira, ndipo mkwiyowo ndi umene unkawadzutsa m'mawa. Tsopano anatsala ndi maliro okhaokha, ngati ife. Ndinawamvera chisoni kwambiri.

Khasu linasiya kulira. Amuna anga, amene chikwatirire anali asanayankhulepo ndi amayi mwachindunji, anayankha ali pakhondepo, nkhope itayang'ana kumbali.

"Sindikudziwa, amayi. Inenso ndimadzifunsa tsiku lililonse."

Amayi sanatembenuke. Anapukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje, anaika chikho pansi, n'kudzuka pogwira tsinde la mtengo. Anamanganso mpango wawo bwinobwino ngati akupita ku tchalitchi.

"Uwauze amuna akowo asambe m'manja," anandiuza. "Ndikawaonetse pamene tinagoneka mwana wawo."

Amuna anga anayang'ana ine ngati sanamve. Ndinawabwerezera mawu omwewo, monga mwa ntchito yanga, koma mawu anandithera pa "mwana wawo". Anasamba, anavala jekete lawo lija. Amayi anatsogola, iwo akutsatira patali pang'ono monga mwa ulemu, chipewa chili m'manja. Ndinawayang'ana akudutsa m'munda wa chinangwa mpaka analowa m'kanjira ka kumanda.

Ine sindinapite nawo. Ndinalowa m'nyumba, mphaka akundizungulira m'miyendo, n'kutenga mtolo uja kuseri kwa chitseko. Mfundo yake inali yolimba, ndinachita kumasula ndi mano. Malaya ndinabwezera m'sutikesi, lumo pawindo, ndipo bulangete ndinakaliyanika pachingwe kuti lichoke fungo la chinyezi asanabwere.